Kuseri kwa Nyumba Zagalasi za ku Kew

Pakati pa mwezi wa June mu 1876, kumunda wa zomera wa Kew, kumadzulo kwa mzinda wa London, kunafika katundu wosati n'kumugoneka: njere 70,000 za mtengo wa mphira. Amene anazitolera anali Henry Wickham, m'nkhalango za kufupi ndi mtsinje wa Tapajós ku Brazil. Njere ya mphira siichedwa kufa. Ili ndi mafuta ambiri, ndipo ikatha milungu yochepa chabe isanalowe m'dothi, basi yatha ntchito. Izi zinali zitakhala kale milungu ingapo m'sitima panyanja, choncho anthu a kunazale anazifesa mwamsangamsanga, mothithikana, m'nyumba yagalasi yotentha ndi yachinyezi. Patangopita masiku ochepa zina zinayamba kumera. Pomaliza zomwe zinamera zinali pafupifupi 2,700, kutanthauza njere 4 zokha pa 100 zilizonse.

Zochepazo zinakwanira kutembenuza chuma cha mayiko. Mu August chaka chomwecho mbande zoposa 1,900 zinakwezedwa m'sitima kupita ku Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka, ndipo chaka chotsatira zina 22 zinafika ku Singapore. Pofika mu 1913 minda ya ku Asia inali itaposa nkhalango za ku Brazil pa kuchuluka kwa mphira wogulitsidwa, ndipo mzinda wa Manaus, womwe unalemera ndi malondawa, unayamba kulowa pansi. Mitengo yomwe wapaulendo amaiona itandandalika m'mizere ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay, ndi ya mtundu womwewu, Hevea brasiliensis.

Mabuku a mbiri amatchula Wickham, amatchulanso Joseph Hooker yemwe anali mkulu wa mundawo pa nthawiyo. Anthu amene anasefa dothi, kufesa, kuthirira ndi kusonkhezera moto wotenthetsa nyumbayo satchulidwa kawirikawiri. Mpaka lero zili chomwecho. Mlendo amene walipira pageti ku Kew amakaona nyumba zikuluzikulu zagalasi, mitengo yakalekale ndi maluwa oyalidwa mwaluso, koma kuseri kwa mipanda kuli nyumba zina zosakongoletsedwa, zomwe masiku ambiri mlendo saloledwa kulowamo. Kumeneko ndi kunazale, ndipo zambiri mwa zomwe mlendoyo wazisirira zinadzera kumeneko, kapena zili ndi mlowam'malo wake yemwe akukula kumeneko.

Munda wa zomera umasunga chuma cha mitundu iwiri. Pali zomera zoumitsa, zomatidwa pamapepala, zomwe zimakhala zaka mazanamazana bola zisanyowe kapena kufumbwa. Palinso zomera zamoyo, ndipo izi zimakalamba, zimadwala, zimatalika mpaka kugunda denga lagalasi, zina zimafa zikangobereka kamodzi. Munda womwe sufesa, sumeretsa nthambi zodula komanso sumezanitsa umatha pang'onopang'ono, ngakhale dzina lake litatchuka chotani. Mlimi wa fodya amazidziwa bwino zimenezi: amene zamukanika pamabedi mu September sayembekezera kukatchola kanthu kumunda.

Munda wa Kew unayamba mu 1759 ngati kamunda ka maekala 9 ka Augusta, mayi wa George yemwe chaka chotsatira anakhala mfumu George III. Wolima wake woyamba anali William Aiton wa ku Scotland. Joseph Banks atayamba kuuyang'anira m'zaka za m'ma 1770, anayamba kutuma anthu kunja kukasaka zomera, ndipo woyamba anali Francis Masson, yemwe anapita ku South Africa mu 1772. Mwa zomwe anabwera nazo mu 1775 munali chomera chooneka ngati kanjedza wamfupi, Encephalartos altensteinii, m'bale wake wa Encephalartos gratus yemwe amamera m'munsi mwa phiri la Mulanje. Chomeracho chilipobe. Chimakula pafupifupi masentimita awiri ndi theka pachaka, thunthu lake linapendekeka mpaka analichirikiza ndi zitsulo, ndipo pomwe ankachisamutsira mu mphika watsopano mu 2009 chinali cholemera kuposa tani imodzi. Kwa zaka 250 olima akhala akusiyirana ntchito yochithirira, wina akapuma wina n'kutenga kheni.

Chomera cha Masson chinali cholimba mwachibadwa. Zambiri sizinkafika. M'sitima za matanga za masiku amenewo ulendo unkatenga miyezi. Madzi amchere ankawaza masamba, makoswe ankadya mphukira, ndipo madzi akumwa akachepa panalibe woyendetsa sitima amene akanathirira mbande n'kumana anthu ake. Thandizo linachokera kwa dokotala wina wa ku London, Nathaniel Bagshaw Ward, yemwe mu 1829 anaona kuti kachomera komera m'botolo lotseka kamakhala ndi moyo popanda wokathirira, chifukwa madzi otuluka m'dothi ndi m'masamba amaundana pagalasi n'kutsikiranso m'dothi momwemo. Mu 1833 anatumiza ku Sydney mabokosi awiri agalasi otsekedwa bwino, ndipo zomera zinafika zamoyo. George Loddiges, mwini nazale yotchuka ya ku Hackney, anachitira umboni kuti kale ankataya zomera 19 pa 20 zilizonse panyanja, koma ndi mabokosiwo 19 pa 20 zinkafika zili bwino. Ku Kew anawagwiritsa ntchito mabokosi amenewa mpaka mu 1962.

Banks ndi mfumu George III onse anamwalira mu 1820, ndipo munda unafooka kwa zaka pafupifupi 20. Boma linautenga mu 1840, William Hooker anakhala mkulu wake mu 1841, ndipo mu 1848 inatha kumangidwa nyumba yaikulu yachitsulo ndi galasi yotchedwa Palm House. Nyumba yotero imafuna kudzazidwa, choncho ntchito yochulukitsa zomera inakula nayo limodzi.

Luso linkabwera mwa kulephera kambirimbiri. Kakombo wamkulu wa ku South America, Victoria amazonica, anawavutitsa zaka zingapo: njere zinkafika zakufa, kapena zinkamera n'kufa zisanachite maluwa. Mu 1849 zinafika zili m'mabotolo a madzi, ndipo apa zinamera zambiri. A ku Kew anagawirako ena mbandezo, ndipo imodzi inapita kwa wolima wina, Joseph Paxton wa ku Chatsworth, yemwe anaichititsa maluwa mu November chaka chomwecho, eni ake asanatero. Mpaka pano kakomboyu amamufesa mwatsopano chaka ndi chaka, chifukwa sapirira mdima wa nyengo yozizira ya ku England. Duwa lake limatseguka madzulo lili loyera, usiku wachiwiri limakhala lofiirira. Kwawo mungu umanyamulidwa ndi tizikumbu tomwe duwalo limatitsekera mkati mwake mpaka madzulo otsatira. Ku London tizikumbuto kulibe, ndiye wolima ndi amene amalowa m'dziwe ndi kaburashi n'kusamutsa munguwo ndi dzanja. Njere zikakhwima amazisunga m'madzi mpaka kumayambiriro kwa chaka, pomwe amazifesanso kunazale.

Pofika m'zaka za m'ma 1860 nazale inali itasanduka chida cha ufumu wa Britain. Mtengo wa cinchona, womwe khungwa lake limatulutsa kwinini wochiza malungo, kwawo ndi kumapiri a Andes. Mu 1860 Richard Spruce ndi wolima wa ku Kew, Robert Cross, anatolera njere ndi kumeretsa nthambi zodula m'munsi mwa phiri la Chimborazo ku Ecuador. Ku Kew anakonza nyumba yapadera yochulukitsira mitengoyi, ndipo inakadzalidwa m'mapiri a Nilgiri ku India. Patapita zaka 16 inabwera nkhani ya mphira ija. Luso la olima pantchito imeneyi silikayikitsa, koma phindu lake silinabwerere kwa eni nkhalango. Anthu a ku Andes amene ankadziwa mitengo yamphamvu, ndi a ku Amazon amene anawerama kutola njere za Wickham, sanalawe chuma chomwe chinatsatira. Lero njere sizingatuluke m'dziko mwa njira imeneyo. Pangano la mayiko la mu 1992 loteteza zachilengedwe, ndi lina lomwe linavomerezedwa ku Nagoya mu 2010, amafuna chilolezo cha dziko lomwe chomera chikuchokera, komanso mgwirizano wa mmene phindu lidzagawidwire. Mapanganowa anabwera mochedwa kwambiri, koma anafunika.

Kuno kwathu nkhani imeneyi siyachilendo. Mu 1878 Jonathan Duncan anafika kumishoni ya Blantyre ndi mbande za khofi zochokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh. Mbiri imati mwa zitatu inapulumuka imodzi, ndipo ndi yomwe inabala njere za minda yoyambirira ya khofi m'derali. Mu 1891 Alexander Whyte anayambitsa munda wa zomera ku Zomba mu ulamuliro wa Harry Johnston, cholinga chachikulu chili kuyesa mbewu zamalonda. Dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, likuchokera kwa Whyte yemweyu.

Maufumu atatha, ntchito ya nazale inatembenuka. Manja omwe kale ankachulukitsa mbewu za maesiteti lero amathera nthawi yambiri pa zomera zomwe palibe angazigule, zina zoti padziko lonse zatsala zowerengeka.

Nazale ya zomera za kumadera otentha ku Kew ili ndi zipinda 21, chilichonse ndi nyengo yakeyake: china chouma cha zomera za m'chipululu, china cha mthunzi ndi chinyezi, china chozizirira cha zomera za m'mapiri aatali. Makina ndi amene amatsegula mazenera ndi kupopera nkhungu, koma kuthirira kwenikweni kumachitika ndi manja, mphika ndi mphika, pakuti miphika iwiri yoyandikana siiuma mofanana. Wolima amanyamula mphika kuti amve kulemera kwake, amapisa chala m'dothi, amatembenuza tsamba kuti aone ngati kunsi kwake kwabisala kodikodi kapena akangaude ofiira. Akawapeza, nthawi zambiri amamasula tizilombo tina todya tinzake m'malo mothamangira kupopera mankhwala.

Chomera chatsopano sichingolowa m'zipindazi. Chimayamba chakhala kwachokha m'nyumba yopatula, kuopa kuti chingabweretse matenda, ndipo kumeneko ndi komwe kumafikiranso zomera zomwe akasitomu alanda kwa ozembetsa pabwalo la ndege la Heathrow. Chikavomerezedwa chimapatsidwa nambala yoyamba ndi chaka chomwe chafikira, ndipo m'kaundula amalemba yemwe anachitola, malo ake enieni, ndi mtundu wa nthaka yomwe chinamerapo. Nthambi iliyonse yodulidwa pachomeracho imayenda ndi mbiri imeneyi. Apa ndi pomwe munda wa zomera umasiyanirana ndi paki. Chomera chomwe chataya chikwangwani chake chimakhalabe chokongola, koma kwa wofufuza, kapena kwa wofuna kuchibwezera kwawo, phindu lake lachepa kwambiri.

Njira zochulukitsira ndi zomwe mlangizi aliyense wa zaulimi angazizindikire: kufesa, kudula nthambi, kumezanitsa, ndi kumeretsa mizu panthambi isanadulidwe mwa kuisenda pang'ono n'kuikulunga ndi ndere zonyowa. Njere ndi zomwe amazikonda koposa, chifukwa mbande iliyonse ya njere imasiyanako ndi inzake, pomwe nthambi yodula ndi mtengo womwe uja basi. Zomera za m'gulu la chinaka, zomwe akatswiri amati orchid, zimavuta mwapadera. Njere zake ndi fumbi lenileni, zilibe chakudya chosungira, ndipo kutchire zimamera pokhapokha zikakumana ndi mtundu wina wa bowa wa m'nthaka. Kuyambira mu 1974 ku Kew kuli chipinda choyezera momwe njere zotere amazifesa m'mabotolo otsekedwa, pa phala loundana la shuga ndi michere.

Nkhani yomwe imaonetsa bwino kupirira kwa ntchitoyi ndi ya chitsamba cha pachilumba cha Rodrigues, kum'mawa kwa Mauritius. Ndi cha m'banja la khofi, eni ake amachitcha café marron, ndipo akatswiri ankakhulupirira kuti chinatha. Cha m'ma 1980 mphunzitsi wina anatuma ana ake asukulu kukasaka zomera zakwawoko, ndipo mnyamata wina anabwera ndi nthambi yomwe anathyola m'mbali mwa msewu. Unali mtengo umodzi wokha womwe unatsala. Mbiri itawanda anthu anayamba kuusadza nthambi ndi makungwa pokhulupirira kuti ndi mankhwala, mpaka anaumangira mpanda, kenako mpanda wina kunja kwa woyambawo. Mu 1986 nthambi zodula zinakwera ndege kupita ku Kew, ndipo imodzi inagwira mizu.

Pa imodziyo anadulaponso zina, mitengo n'kuchuluka. Inkachita maluwa oyera pafupifupi chaka chonse, koma chipatso ayi. Yonseyo unali mtengo umodzi womwewo m'miphika yosiyana, ndipo mungu wake sunkagwira paduwa lake lomwe. Zinakhala choncho zaka 17. Kenako Carlos Magdalena, wochokera ku Asturias ku Spain, yemwe anafika ku Kew ngati wophunzira ntchito, anayesa kudula nsonga ya chiwalo chachikazi cha duwa ndi kampeni, n'kuika mungu pabala penipenipo kuti ulambalale chomwe chinkautchinga. Anachita zimenezi pamaluwa ambirimbiri osaphula kanthu, mpaka mu 2003 chipatso chimodzi chinagwira, muli njere 7. Pambuyo pake anazindikira kuti zipatso zinkagwira pamitengo yomwe inali pamalo otentha ndi owala kwambiri, ndipo atasintha kasamalidwe njere zinayamba kupezeka.

Mbande zitamera zinadabwitsa aliyense. Masamba ake anali aatali, owonda ndi oderako, osafanana ndi obiriwira owulungika a mtengo waukulu. Akatswiri amaganiza kuti maonekedwe amenewa ankateteza mbande kwa akamba akuluakulu omwe kale anali ponseponse pachilumbacho. Chofunika koposa chinali chakuti zitakula zina zinakhala zazimuna, zina zazikazi, ndipo kuyambira pamenepo mitengo inayamba kuberekana yokha mosavuta. Mbande ndi njere zinabwezeredwa ku Rodrigues.

Kakombo wamng'ono kwambiri padziko, Nymphaea thermarum, ali ndi masamba omwe ena ndi a sentimita imodzi yokha. Anamupeza Eberhard Fischer wa ku Germany mu 1987, m'matope a kasupe wa madzi otentha ku Mashyuza, kum'mwera chakumadzulo kwa Rwanda. Cha m'ma 2008 madzi a kasupeyo anapatutsidwa, matope anauma, ndipo kakomboyo anasowa. Kumunda wa zomera wa ku Bonn anali nazo zochepa zomwe zinkabereka njere, koma mbande zinkafa zisanakule. Njere zina zitafika ku Kew mu 2009, Magdalena anazifesa pansi pamadzi monga amachitira ndi akakombo onse, ndipo nazo zinangofooka. Anasintha kutentha, dothi ndi kuya kwa madzi, njere zikutha m'manja. Chomwe chinathandiza chinali kubwerera ku zomwe zinalembedwa za malo omwe chomeracho chinapezeka: sichinkamera m'dziwe lakuya koma m'matope a m'mphepete, masamba ali pamphepo. Anaika miphika m'madzi ofunda madigiri 25, madziwo akulekeza pamwamba penipeni pa dothi, ndipo mbande zinakula n'kuchita maluwa chaka chomwecho. Mu January 2014 wina anazula chimodzi m'nyumba yoonetsera n'kuthawa nacho, koma kunazale kunali kutatsala zambiri. Mu 2023 ofufuza anachipezanso chikumera kutchire ku Rwanda.

Sikuti zonse zimatheka, ndipo n'kulakwa kuganiza kuti nyumba yagalasi ingalowe m'malo mwa nkhalango. Pachilumba cha St Helena panali mtengo wotchedwa Nesiota elliptica. Womaliza wakutchire unapezeka mu 1977 n'kufa mu 1994. Nthambi zake sizinkagwira mizu mosavuta, njere zabwino zinkapezeka mwa apo ndi apo, ndipo mbande zochepa zomwe zinamera zinagwidwa ndi matenda a chuku. Yomaliza inafa mu December 2003, mtundu wonse n'kuthera pomwepo. Palinso Encephalartos woodii, yemwe John Medley Wood wa kumunda wa zomera wa ku Durban anamupeza mu 1895 m'nkhalango ya oNgoye. Chinali chomera chimodzi chokha, chachimuna. Mphukira yake inafika ku Kew mu 1899, ndipo minda yambiri ili nazo zochokera pachomera chomwecho, koma chachikazi sichinapezekepo. Olima angathe kumapatula mphukira mpaka kalekale, koma njere ya mtunduwu sangaipange.

Mitengo yapabwalo ili ndi nazale yakeyake, ndipo kufunika kwake kunaonekera m'mawa wa pa 16 October 1987. Usiku umenewo mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo pafupifupi 700 ku Kew, ndi ina masauzande ambiri kumunda wawo wachiwiri wa Wakehurst ku Sussex. Mizu yomwe inazulidwayo inaphunzitsa olima zomwe sankazidziwa bwino: mizu ya mitengo yambiri inali yosazama, yotambasuka m'mbali, ndipo dothi lopondedwapondedwa ndi alendo linkaibanikitsa. Mtengo wina wa oak wodzalidwa mu 1798 unanyamulidwa ndi mphepo pamodzi ndi mizu yake n'kukhalanso pansi, ndipo m'zaka zotsatira unayamba kukondwa kuposa kale chifukwa dothi linali litamasuka. Kuyambira pamenepo anayamba kupopera mpweya m'nthaka mozungulira mitengo yakale, kudzala mitengo ikadali yaing'ono, ndi kukumba maenje otambalala osati akuya. Olima awiri, Tony Kirkham ndi Mark Flanagan, anayenda ku South Korea, Taiwan, China, Japan ndi kum'mawa kwa Russia kukatola njere, ndipo nazale inazisandutsa mitengo yomwe lero yatseka mipata ija.

Vuto la tsopano likubwera mwakachetechete. Chilala cha mu 2022 chinapha mitengo yoposa 400 ku Kew, pomwe pachaka amataya pafupifupi 30. Lipoti lawo la mu 2024 linati yoposa theka la mitengo yawo 11,000 ingadzakhale pachiopsezo pofika mu 2090. Mtengo wofesedwa lero udzakhwima nthawi imeneyo, choncho wosankha njere zoti zifesedwe chaka chino akusankhira nyengo yomwe iye sadzaiona, ndipo akuyang'ana kwambiri kumadera otentha ndi ouma kuposa London wa lero.

Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi miphika pomwe pali nkhokwe ya njere. Ku Wakehurst kuli Millennium Seed Bank, yomwe inatsegulidwa mu 2000 ndipo imasunga njere zoposa 2 biliyoni, zoumitsidwa bwino n'kuikidwa m'zipinda zozizira madigiri 20 pansi pa ziro. Mabungwe a ku Malawi osamalira nkhalango ndi zomera ali m'gulu la omwe agwira nayo ntchito. Koma si njere iliyonse yomwe imalola kuumitsidwa. Ya mango, ya peyala, ya mphira ndi ya oak zimafa zikauma, ndipo mitengo yambiri ya m'nkhalango zamvula ndi yotero. Imeneyi njira yake ndi kuisunga yamoyo basi. Ngakhale njere yogonekedwa m'chisanu imafuna munthu wodziwa kuidzutsa, kaya ndi kuikanda khungu, kuiviika kapena kuifukiza utsi, ndipo chidziwitso chimenecho chimapezeka pabenchi la kunazale.

Mkungudza wa ku Mulanje wafika poufuna thandizo lotere. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha paphiri lonse, yambiri itatha ndi macheka ndi moto. Ntchito yomwe inayamba mu 2016, yogwirizanitsa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ku Zomba ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International lomwe likulu lake lili ku Kew, inakhazikitsa manazale m'midzi yozungulira phiri. Anthu a m'midzimo anadzaza machubu, kufesa ndi kusamala mbande zoposa 500,000, ndipo ankalandira ndalama pogulitsa mbandezo. Kuzifikitsa pamwamba paphiri ndi kuziteteza ku moto wolusa yakhala ntchito yolimba kuposa kuzimeretsa.

Ku Kew komweko, nthawi yomwe nazale imasenza katundu wolemera koposa ndi pomwe nyumba yaikulu yagalasi ikukonzedwa. Temperate House inatsekedwa mu 2013 n'kutsegulidwanso mu May 2018. Zomera zomwe zinkatheka kuzulidwa anaziika m'miphika n'kuzisunga zaka zisanu; zomwe zinali zitakulitsa anatengapo njere ndi nthambi asanazidule. Mwa zodulidwazo munali mgwalangwa wa ku Chile, Jubaea chilensis, womwe unafesedwa mu 1846 ndipo unali utafika kudenga. Ana ake anali atamera kale. Pomwe zitseko zinkatsegulidwa, m'nyumbamo munali zomera 10,000 za mitundu 1,500, zambiri zili zazing'ono moti alendo omwe ankaidziwa kale anaiona ngati yopanda kanthu, mpaka zaka zingapo zitadutsa.

Tsopano ndi nthawi ya Palm House, yomwe zitsulo zake zadyedwa ndi dzimbiri chifukwa cha chinyezi. Malinga ndi dongosolo lomwe analengeza mu 2025, ntchito yoikonza ikuyembekezeka kuyamba mu 2027 ndi kutenga zaka zinayi kapena zisanu, ndipo zomera pafupifupi 1,300 ziyenera kutulutsidwa. Olima anayamba kale kudula mizu mozungulira zomwe zidzasamutsidwe kuti zizolowere mphika, kumanga ndere panthambi za zomwe sizinganyamulike, ndi kusamutsira zoyambirira kunyumba zongoyembekezera.